Fayilo Nayonso Ili ndi Keyala

M'teremu yathayi tidapita kukayendera ophunzira athu amene akuyeserera ntchito ya uphunzitsi m'sukulu za m'chigwa cha Nkhamanga, m'boma la Rumphi. Pa sukulu ina kufupi ndi Bolero tidapeza mmodzi wa iwo atakhala yekha m'kalasi, atagwira tsaya. Mnyamatayu adatha masiku atatu akulemba malikisi a ana a Sitandade 7 m'laputopu ya mphunzitsi wamkulu, madzulo okhaokha, podalira moto wa sola. Atamaliza adafuna kuika ntchitoyo pa fulashi kuti akaisindikize ku boma. Koma pa fulashipo padali kale fayilo ina ya dzina lomwelo, imene adaisunga tsiku loyamba, ndipo idali ndi maina a ana okha popanda malikisi. Adatsegula mawindo aŵiri nakoka fayilo ndi mausi kuchoka kwina kupita kwina. Kompyuta idamufunsa ngati akufuna kuti fayilo yobwerayo iloŵe m'malo mwa imene ilipo, iye n'kuvomera. Mwatsoka adakoka mobwerera. Fayilo yopanda malikisi ndiyo idafufuta yodzaza ija.

Tidamufunsa funso limodzi: "Kodi fayilo imene munkalembamo malikisi ija idali pati?" Iye adayankha mwaulemu, "Idali m'kompyuta, aphunzitsi."

Yankho limeneli ndilo latichititsa kulemba nkhaniyi. Kunena kuti fayilo ili m'kompyuta n'chimodzimodzi kulemba pa envulopu kuti "Kwa amalume, Malaŵi," n'kuyembekeza kuti a positi akaŵapeza. Mnyamatayu sadali waulesi, ndipo ankadziŵa kutaipa bwino lomwe. Chimene sadaphunzitsidwe n'chakuti fayilo iliyonse ili ndi keyala yake, ndipo kuti mafayilo aŵiri a dzina limodzi okhala m'malo osiyana ndi zinthu ziŵiri zosiyana. Mlandu tsono ndi wathu, ife amene tidamphunzitsa kudina tisadamphunzitse kudziŵa pamene waima.

Maganizo athu ndi aŵa: mphunzitsi aliyense asanatuluke m'koleji adziŵe kuŵerenga ndi kulemba keyala ya fayilo, ndipo njira yabwino koposa yophunzirira zimenezi ndiyo kukopera mafayilo polemba malamulo ndi zala zake, pa chimene a kompyuta amachitcha command line, asanazoloŵere kukoka zinthu ndi mausi.

Zimene mwana akudziŵa kale

Lamulo loyamba la uphunzitsi ndi lakuti tiyambire pa zimene mwana akudziŵa n'kupita naye ku zimene sakudziŵa. M'nkhani iyi mwana wa ku Nkhamanga akudziŵa zambiri. Akudziŵa kuti nyumba ya kwawo ili m'mudzi, mudziwo uli pansi pa agulupu, agulupuwo ali pansi pa Chikulamayembe amene likulu lake ndi Bolero, ndipo kuti zonsezi zili m'boma la Rumphi, m'chigawo cha kumpoto kwa Malaŵi. Chaching'ono chili m'kati mwa chachikulu, chachikulucho chili m'kati mwa chachikulu china. Mafayilo nawonso amasungidwa chomwecho. Fayilo imakhala m'foda, imene dzina lake lakale ndi directory. Fodayo imakhala m'foda ina, mpaka kukafika pa tsinde pamene mafoda onse amachokera.

Pa makompyuta oyendera Linux tsinde limenelo amalilemba ndi kamzere kopendekera aka, /, ndipo kamzere komweko ndiko kamalekanitsa dzina la foda ndi linzake. Motero tikanati tilembe Bolero monga imalembera kompyuta, tikanalemba motere:

/Malawi/Kumpoto/Rumphi/Nkhamanga/Bolero

Kusiyana kwake ndi envulopu n'kwakuti pa envulopu timayambira pa munthu n'kumalizira pa dziko, pamene kompyuta imayambira pa dziko n'kumalizira pa munthu. Mwana wa Sitandade 6 amagwira zimenezi msanga.

Akudziŵanso kuti dzina lokha silikwanira. Pa msewu wochoka pa boma la Rumphi kupita ku Bolero pali malo otchedwa Chikwawa, ndipo kumwera kwenikweni kwa dziko lino kuli boma la Chikwawa. Mtsinje wa Rukuru umene umadutsa m'boma la Rumphi si womwe uja wa ku Karonga, ngakhale dzina ndi limodzi. Munthu wokwera basi akangonena dzina osanena chigawo angathe kukatsikira kutali ndi kwawo. Fayilo yotchedwa malikisi ya m'laputopu ndi fayilo yotchedwa malikisi ya pa fulashi zili ngati ma Chikwawa aŵiriŵa.

Pali njira ziŵiri zolondolera munthu. Yoyamba ndi ya pa envulopu: keyala yathunthu, imene ndi yoona kulikonse kumene woŵerengayo ali, kaya ku Mzuzu kaya ku Johannesburg. Yachiŵiri ndi ya pa msewu: mlendo akatifunsa njira timati, "Bwererani pa mphambano paja, mukakhotere kumanja." Mawu ameneŵa ndi oona pokhapokha ngati mlendoyo waima pamene ife taima. Kompyuta imamva njira zonse ziŵiri. Keyala yoyamba ndi kamzere kaja imaiŵerenga kuchokera pa tsinde. Keyala yopanda kamzereko imaiŵerenga kuchokera m'foda imene munthu alimo pa nthaŵiyo. Kadontho kamodzi katanthauza "pano pamene ndili," ndipo timadontho tiŵiri titanthauza "bwerera kamodzi, ku foda imene yasunga ino." Choncho wofuna kuchoka ku Bolero kupita ku Mhuju, m'chigwa cha Henga, angalembe:

../../Henga/Mhuju

Timadontho toyamba tamtulutsa m'Bolero kumfikitsa pa Nkhamanga, tachiŵiri tamfikitsa pa Rumphi, kenaka watsikira ku Henga mpaka ku Mhuju. Zolakwa zambiri za ophunzira athu zimachokera pamenepa: amalemba njira ya pa msewu asakudziŵa pamene aima.

Chifukwa chake tikusankha kulemba malamulo

Mausi ndi chida chabwino, koma chimalola munthu kuchita chinthu asanaganize. Dzanja limakoka, maso ali kwina. Command line simalola zimenezi. Munthu amatsegula windo lopanda zithunzi lotchedwa terminal, ndipo kompyuta imangodikira kuti auzidwe chochita m'mawu olembedwa. Kuti akopere fayilo ayenera kutchula kumene ikuchokera ndi kumene ikupita, ndipo ayenera kuzitchula m'ndondomeko yake:

cp sitandade7/malikisi.txt /media/fulashi/

Liwu loyamba ndilo lamulo, lachiŵiri ndi kochokera, lachitatu ndi kopita. Chiganizo chimenechi chingathe kulembedwa pa bolodi, kuŵerengedwa mokweza, kutsutsidwa ndi mnzake wa wolembayo, ndi kukonzedwa ndi choko chisanaperekedwe kwa makina. Kukoka kwa mausi sikungalembedwe pa bolodi, ndipo kukalakwika sikusiya mapazi oti mphunzitsi alondole. Monga pa masamu timafuna kuona njira imene mwana wadzera, osati yankho lokha, apanso chiganizo cholembedwa chimationetsa pamene maganizo a mwanayo akhotera.

Malamulo oyambira ndi asanu okha. Lamulo la pwd limauza munthu keyala yathunthu ya pamene waima. Lamulo la ls limamuonetsa zimene zili m'fodamo. Lamulo la cd limamusamutsira ku foda ina. Lamulo la mkdir limapanga foda yatsopano. Lamulo la cp limakopera. Pambuyo pake pamabwera mv, limene limasamutsa fayilo osasiya chotsala kumene yachoka. Ana amasiyanitsa ziŵirizi mosavuta: kukopera kuli ngati kulemba m'kope zimene zili pa bolodi, bolodi n'kukhalabe ndi mawu ake, kusamutsa kuli ngati kung'amba tsamba m'kope ili n'kukalimata m'kope lina.

Pa makompyuta a Windows, amene ndiwo ambiri m'sukulu ndi m'maofesi athu, maganizo ndi omwewo koma zilembo zasiyana pang'ono. Keyala imayamba ndi chilembo cha chosungira, monga C: kapena E:, kamzere kamapendekera kumbuyo, ls amamuti dir, ndipo cp amamuti copy. Wodziŵa mbali imodzi savutika kuphunzira inayo.

Zimene otsutsa amanena

Ena mwa anzathu amati zimenezi n'zachikale. Zoona, n'zakale. Kusunga mafayilo m'mafoda okhala m'kati mwa anzawo kudakhazikika m'zaka za m'ma 1960 pa makina otchedwa Multics. M'chaka cha 1969 Ken Thompson ndi Dennis Ritchie adayamba kupanga Unix ku Bell Labs, ku America, ndipo lamulo la cp lidalembedwa kale m'buku la malangizo a Unix la 1971. Kampani ya Microsoft idaika mafoda mu MS-DOS m'chaka cha 1983, ndipo kamzere kopendekera kumbuyo kaja kadayambira pamenepo. Mu 1991 Linus Torvalds, ali wophunzira ku Helsinki, adayamba Linux, imene lero ndiyo ili pansi pa mafoni onse a Android. Koma taonani: m'zaka zoposa 50 zimenezi maonekedwe a mawindo ndi mabatani asintha kambirimbiri, pamene cp akugwirabe ntchito monga kale. Tikaphunzitsa mwana malo a batani, tamphunzitsa chinthu chimene chidzasuntha kampani ikadzasintha pulogalamu yake. Tikamphunzitsa keyala, tampatsa chinthu chimene adzachipezanso pa foni, pa fulashi, ngakhale m'makeyala a masamba a pa intaneti, m'mene timizere tomweto timagwira ntchito yomweyo.

Ena amati masiku ano munthu amangolemba dzina m'kabokosi kofufuzira, fayilo n'kutulukira yokha. Maganizo ameneŵa adayesedwa kale kwina. M'chaka cha 2021 magazini ya ku America yotchedwa The Verge idafalitsa madandaulo a aphunzitsi a m'mayunivesite kuti ophunzira ambiri, ngakhale a sayansi, sankadziŵa kuti foda n'chiyani. Mmodzi wa aphunzitsiwo, Catherine Garland, adayamba kuona vutoli mu 2017, pamene ophunzira ake ankalephera kuyankha funso lakuti ntchito yawo aisunga pati. Ameneŵa ndi ana okulira pakati pa makompyuta. Kuchuluka kwa zipangizo sikudaŵaphunzitse. Kabokosi kofufuzira kamathandiza ngati fayilo ya dzinalo ndi imodzi. Zikakhala zitatu kamazitulutsa zonse, ndipo wosadziŵa kuŵerenga keyala amangotola imene ili pamwamba.

Ena amati malamuloŵa ali m'Chingerezi, ndipo ana athu amalankhula Chitumbuka kunyumba, Chicheŵa ndi Chingerezi n'kumaziphunzira ku sukulu. Koma mawu ngati cp ndi pwd si Chingerezi chimene munthu amalankhula. Ngakhale mwana wa ku London ayenera kuŵaphunzira monga zizindikiro, monga momwe tonse timaphunzirira chizindikiro cha kuphatikiza ndi cha kuchotsera. Tanthauzo lake lingafotokozedwe m'chiyankhulo chimene mwana akumva bwino, ndipo maina a mafoda angakhale a kwathu konkuno.

Kutsutsa kolemera ndi kwakuti sukulu zambiri za ku Nkhamanga zilibe makompyuta, ndipo zina zilibe magetsi. Izi sitikana. Koma n'chifukwa chake chomwecho tikulimbikira. Pamene laputopu ili imodzi pa sukulu yonse, aphunzitsi onse n'kumasungamo masikimu, mayeso ndi malikisi, kulakwitsa kwa munthu mmodzi kumapweteka onse, ndipo palibe katswiri pafupi woti abweze zotayika. Ndiponso zipangizo zikubwera. Kuyambira mu 2023 boma lakhala likugaŵa matabuleti m'sukulu za pulayimale pansi pa ndondomeko ya BEFIT, ndipo ku sekondale kuli phunziro la makompyuta limene ana amalemba pa mayeso a MSCE. Matabuleti amaphunzitsa kuŵerenga ndi masamu, ndipo mafoda amaŵabisa dala kuti mwana wamng'ono asasokonezeke. Choncho mwana angathe kugwira tabuleti zaka zingapo osadziŵa kuti zimene akuona zili ndi kwawo. Womuuza ndi mphunzitsi basi. M'mera mpoyamba.

Phunziro losafuna magetsi

Gaŵo lalikulu la phunziroli lingaphunzitsidwe ndi choko, makatoni ndi bwalo la sukulu, monga mwa chizoloŵezi chathu cha kugwiritsa ntchito zinthu zopezeka pafupi. Tikupereka ndondomeko imene taiyesa ndi ophunzira athu.

Choyamba, jambulani pa bolodi mtengo wozondoka, tsinde pamwamba, nthambi pansi. Pa tsinde lembani Rumphi. Pa nthambi lembani Nkhamanga, Henga ndi Hewe. Pansi pa nthambi iliyonse ana atchule okha malo amene akuŵadziŵa. Mwana aliyense alembe keyala yathunthu ya kwawo ndi timizere.

Chachiŵiri, tulukani nawo panja. Jambulani mtengo womwewo pansi ndi phulusa, waukulu woti ana n'kuyendamo. Mwana mmodzi akhale "kompyuta": iye sayenda pokhapokha atapatsidwa lamulo lolembedwa pa pepala, ndipo saloledwa kuganizira zimene mnzake amafuna kunena. Akauzidwa kuti cd Bolero ali chiimire pa Henga, ayankhe kuti, "Kuno kulibe malo otere." Anzake amaseka, koma kusekako ndiko kuphunzira, pakuti kompyuta yeniyeni imayankha chomwecho.

Chachitatu, ikani makatoni pa nthambi, ndipo m'makatonimo muike mapepala olembedwa maina. Lamulo la kukopera likaperekedwa, "kompyuta" ilembe pepala lina lofanana ndi loyambalo n'kukaliika m'katoni yotchulidwayo. Ngati m'katonimo muli kale pepala la dzina lomwelo, iling'ambe ana onse akuona. Tidaona kuti mwana amene pepala lake lang'ambidwa pamaso pa anzake saiŵalanso kufunsa kuti, "Kodi kochokera n'kuti, kopita n'kuti?"

Chachinayi, ndipo chomaliza, ndicho kupita pa makina ngati alipo. Ana akhale aŵiriaŵiri: wina alembe lamulo pa pepala, mnzake aliŵerenge mokweza m'chiyankhulo chawo, kenaka ataipe. Laputopu imodzi ingakwanire kalasi lonse ngati kuganiza kwachitikira kale pa pepala.

Machenjezo

Tisanamize ophunzira kuti command line ndi malo opanda ngozi. Ndi mpeni wakuthwa. Pa Linux lamulo la cp likapeza fayilo ya dzina lomwelo kumene likupita limaifufuta osafunsa, ndipo zofufutidwa motero sizipita m'kabini koti munthu akatolemo. N'chifukwa chake wophunzira aliyense azoloŵere kulemba cp -i, pakuti kachilembo kameneko kamachititsa kompyuta kufunsa isanafufute. Wofuna kukopera foda yonse pamodzi ndi za m'kati mwake alembe cp -r. Wolemba dzina la foda yoti kulibe, popanda kamzere kumapeto, sadzauzidwa kuti walakwa: kompyuta idzangopanga fayilo yatsopano ya dzina limenelo, iye n'kumaganiza kuti ntchito yake yaloŵa m'foda. Pa Linux, Malikisi ndi malikisi ndi maina aŵiri osiyana. Ndipo dzina lokhala ndi mpata pakati, monga teremu yachitatu, kompyuta imaliona ngati maina aŵiri pokhapokha litatsekeredwa m'zizindikiro za mawu ogwidwa. N'kwabwino kungopewa mipatayo.

Ngakhale akatswiri amagwa. M'chaka cha 1998, ku kampani ya mafilimu ya Pixar, lamulo lofufuta lidaperekedwa pa malo olakwika, ndipo gaŵo lalikulu la filimu ya Toy Story 2 lidafufutika anthu akuona. Zosungira zawo zapadera zidapezeka kuti sizinkagwira bwino ntchito. Chidaŵapulumutsa n'chakuti mayi wina wa pa kampaniyo, amene ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa cha mwana wakhanda, adali ndi kope la filimuyo pa kompyuta yake. Nkhaniyi ili ndi maphunziro aŵiri: kudziŵa pamene waima usanapereke lamulo, ndi kusunga kope lachiŵiri pa malo ena.

Motero tikupempha kuti wophunzira aliyense aloŵeze chizoloŵezi cha masitepe anayi. Ayambe ndi pwd, kuti adziŵe pamene ali. Atsatize ls, kuti aone zimene zilipo. Kenaka alembe lamulo la kukopera, naliŵerenge kaŵiri asanadine. Pomaliza apite kumene fayilo yapita akaione ndi maso ake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tionjezeponso kuti dzina la fayilo lizinena zoona: malikisi-std7-teremu3 ndi dzina labwino koposa malikisi chabe, ndipo kuikapo deti kumathandiza kuti yatsopano isasokonezeke ndi yakale.

Kwa inu amene mukukaphunzitsa

Mwina mukufunsa kuti zonsezi zikukhudza bwanji mphunzitsi wa Sitandade 3 amene sadzaphunzitsa za makompyuta. Zikumkhudza chifukwa iye ndiye msungi wa mbiri ya ana. Kale kaundula adali buku, ndipo mphunzitsi aliyense ankadziŵa kabati ndi shelefu pamene bukulo limakhala. Wotaya kaundula ankayankha mlandu. Lero zolembedwa zambiri za sukulu zikusamukira m'makina, koma udindo sudasinthe. Malikisi akatayika, kapena a teremu yatha akasindikizidwa m'malo mwa a teremu ino, wovutika ndi mwana amene alandira lipoti losakhala lake, ndi kholo limene lagulitsa fodya kuti mwanayo apeze kope ndi yunifomu.

Mnyamata wa ku Bolero uja adayambiranso ntchito yake, pakuti mapepala a mayeso adali asanabwezedwe kwa ana. Zidamtengera masiku ena atatu. Tisanachoke tidakhala naye pa bolodi kwa theka la ola, ndipo adalemba yekha makeyala aŵiri a mafayilo ake aja, wina pamwamba wina pansi. Ataŵayang'ana adati, "Ndikanaziona chonchi sindikanavomera." Theka la ola limenelo tikanayenera kumpatsa ali m'chaka choyamba ku koleji.

Tikupempha tsono kuti mlungu uno, musanayambe china chilichonse pa kompyuta, mutenge pepala n'kulembapo keyala yathunthu ya fayilo imene mumaidalira kwambiri. Ngati simungathe, funsani mnzanu kapena mphunzitsi wanu. Safunsa adadya phula. Ndipo mukadzafika pa sukulu yanu, mwana akadzakuuzani kuti ntchito yake ili m'kompyuta, musadzalandire yankho limenelo. Mudzamufunsenso kuti, "M'foda iti?"